Zikomo kwa onse amene munatigwira mkono pa Khirisimasi

Khirisimasi yadutsa bwino m'banja mwathu. Mayi, omwe sanapezebe mphamvu chitulukireni m'chipatala, anakhala pampando n'kumalandira adzukulu, ndipo ntchito imene amasenza chaka ndi chaka inagwera ena. Tikuyamika Mulungu, tikuyamikanso inu abale, akumpingo ndi anansi. Ambiri mwafunsa kuti zinatheka bwanji kusamala anthu 40 pakhomo limodzi, ndiye tiyankha pomwe pano tikuthokoza.

Azakhali aakulu, zikomo pokana mawu aja akuti "aliyense athandize pomwe angathe". Mawu amenewo ndi amene amasiya mbale zosatsuka mpaka usiku. Lamulungu loyamba la Adiventi, kutatsala pafupifupi masabata anayi, munalemba pepala n'kulimata pachitseko cha khitchini, ntchito iliyonse ili ndi dzina limodzi: wophika, wotsuka, woyang'anira ana, wolandira alendo, wokumbutsa mayi mankhwala. Ntchito ikakhala ya anthu atatu, aliyense amayesa kuti mnzake wagwira kale. Ana sanavute chifukwa pepala lotere amaliona masiku onse. Mwana amene sanayalepo patebulo Lachiwiri wamba sangayambire pa 25 Disembala.

Alamu ndi azilongo amene munali pamoto, ntchito yanu ndi imene yafunsidwa kwambiri. Kilogalamu imodzi ya mpunga wosaphika imakwanira akuluakulu 10 mpaka 12 ngati ndiwo zilipo zokwanira, choncho anthu 40 amafuna makilogalamu anayi. Koma osauthira wonse mumphika umodzi, chifukwa pansi pamapserera pamwamba pasanapse. Ugawidwe m'miphika iwiri kapena itatu, madzi akhale ocheperako poyerekeza ndi kamphika ka tsiku ndi tsiku, ndipo ukangowira moto uchepe, chivundikiro chisamatsegulidwetsegulidwe. Nyama yopanda mafupa, magalamu 150 mpaka 200 pa munthu wamkulu ndi okwanira. Ngati inali youma ndi ayezi, isungunukire mufiriji, pashelefu yapansi, kwa tsiku lathunthu kapena kuposerapo, osati patebulo. Ikasiyidwa panja, kunja kumafunda n'kuyamba kuwonongeka m'kati mukadali gwa.

Zotsala ndi zimene zimadwalitsa mabanja pa 26. Chakudya chophika chisapitirire maola awiri chili panja. Mpunga makamaka, ukagona mumphika wofunda umatsegula m'mimba, ndipo kuutenthetsanso sikuchotsa vutolo. Mlongo wathu wamng'ono, amene munasiya macheza n'kukaugawa m'mbale zosazama kuti uzizire msanga, palibe anakuonani, koma palibenso amene anadwala.

Kufika kutchalitchi nthawi yabwino ndi nkhani ya masamu. Bafa limodzi, anthu 12 ogona pakhomo, aliyense mphindi 10, ndiye kuti maola awiri. N'chifukwa chake ana anasamba madzulo, zovala zinasitidwa usiku womwewo, nsapato n'kundandalikidwa pakhomo. Chimene chimachedwetsa banja lalikulu kawirikawiri ndi nsapato imodzi ya mwana wa zaka zitatu, osati kuphika. Achimwene amene munatsala ndi mayi pomwe ena tinapita, munalephera mapemphero amene mumawakonda kwambiri pachaka, ndipo sitikuitenga ngati nkhani yaing'ono. Zikomonso akuluakulu a mpingo pobwera kudzapemphera nawo kunyumba, komanso potsanzika msanga mutaona kuti mayi atopa.

Agogo aamuna, tikuthokoza kuti pemphero la chakudya munalifupikitsa. Mwana wanjala samva pemphero lalitali, amangoyang'ana mbale. Kuwerenga kunabwera anthu atakhuta: Luka 2:1-20, mavesi awiriawiri, ana 10. Osadziwa kuwerenga anapatsidwa nyimbo yoti atsogolere, kuti pasapezeke wolira kuti wasiyidwa.

Mphatso sizinativute. Anthu 40 aliyense atati agulire aliyense, pangafunike mphatso 1,560. Tinachita maere, aliyense n'kutola dzina limodzi, ndipo tinagwirizana malire a ndalama kuti wopeza zochepa asachite manyazi. Pamaere pamafunika munthu mmodzi wosunga mndandanda mwachinsinsi, apo ayi wina amaiwala dzina limene anatola ndipo mwana mmodzi amatsala chimanjamanja. Amalume, mndandandawo munausunga osaulula ngakhale kwa akazi anu.

Anansi amene munatibwereka mipando, matiresi ndi miphika, zonse tinazimata kapepala ka dzina kunsi tisanazilowetse m'nyumba, ndipo zibwerera sabata ino zili zotsuka. Mayi akuti mudzabwere mmodzimmodzi adzakuthokozeni okha, makamaka m'mawa pomwe amakhala ndi mphamvu. Azakhali ati pepala la Pasaka lituluka Lenti isanayambe, ndipo amene anatsuka mbale ulendo uno sadzatsukanso.