Khofi wa agogo pa mgodi wa Ytterby

Mvula inayamba nditangokwera kaphiri ka mgodi wa Ytterby, pa chilumba cha Resarö ku Sweden, ndipo foni inathima nthawi yomweyo. Inali itatentha ngati mbaula chichokereni ku Stockholm, poti njira yonse ndinali pa mapu. Basi ya 670 imanyamukira pa Tekniska högskolan kulowera ku Vaxholm, munthu n'kusintha panjira. Tikiti imaposa ma krona 40, imagwira mphindi 75, ndipo ndalama zapamanja salandira. Zimene zinandiwawa n'zakuti mabasi a pachilumbapo ndi apatalipatali, ndipo mgodiwo ndi wotseka. Ukafika umangoona thanthwe ndi chikwangwani cha 1989 cha ASM International, bungwe la akatswiri a zitsulo.

Agogo ena aakazi, amene ankayenda ndi galu, anandipeza nditanyowa. Ananditengera kwawo, anandikhazika kukhitchini, n'kulumikiza foni yanga kumagetsi. Anathira khofi wakuda bii, pambali banzi la sinamoni limene amati kanelbulle, lotentha.

“Mwana wanga, ulendo wonsewu kudzaona dzenje?”

Mbiri ya mgodiwo ankaidziwa kundiposa: kuti mu 1787 Carl Axel Arrhenius anatolamo mwala wakuda wolemera, kuti Johan Gadolin anaupima mu 1794, ndiponso kuti maelementi anayi, yttrium, ytterbium, terbium ndi erbium, anatenga dzina pa mudzi wawowu. Chimene sankadziwa ndi chomwe ine ndimaphunzira, mwala wopangidwa mu labotale wotchedwa yttrium iron garnet, mwachidule YIG. Ndi maginito, koma magetsi sadutsamo.

“Nanga ngati magetsi sadutsamo, ntchito yake n'chiyani?”

Ndinaloza foni ija. “Agogo, iyi yatentha chifukwa maelekitironi amathamanga m'timawaya, akugundagunda, mphamvu n'kumathera m'kutentha.” Kenako ndinawafotokozera mmene timamangira tchalitchi kwathu. Anthu amandanda kuchokera pa uvuni mpaka pamaziko, n'kumapatsirana njerwa. Palibe amene wasuntha phazi, koma njerwa zikufika. Elekitironi iliyonse ili ngati kamaginito, khalidwe limene timati spin. Mu YIG maelekitironi amakhala pamalo pawo, koma mmodzi akapendekeka amapendeketsa mnzake, uthenga n'kumayenda ngati funde. Mu 2010 gulu la Eiji Saitoh la ku Tohoku University ku Sendai linatumiza chizindikiro cha magetsi m'njira imeneyi, poika tizidutswa tiwiri ta chitsulo cha pulatinamu pamwamba pa YIG.

Anandithiriranso khofi osandifunsa. Ndinapitiriza kuti chovuta kwambiri ndi kutembenuza maginitowo ndi magetsi okha. Amapaka pulatinamu wopyapyala kwambiri pamwamba pa mwalawo. Magetsi akamayenda m'pulatinamu, maelekitironi amapatukana malinga ndi spin yawo, ndipo amene aunjikana pamalire amakankha maginito a pansi mpaka atembenuke. Akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America anaonetsa zimenezi mu 2016 pa mwala wa mtundu womwewo, wokhala ndi thulium m'malo mwa yttrium. Posunga zinthu m'kompyuta, maginito akaloza kumwamba ndi 1, akaloza pansi ndi 0, ndipo magetsi akathima zolembedwazo sizifufutika. Agogowo anamvetsera mpaka kumapeto, manja ali pa kapu, ndipo sindinaonepo munthu wondimvetsera chonchi chibwerereni kuno.

Pamenepo mtima unapita kwathu. Ku Kangankunde ku Balaka ndi ku phiri la Songwe ku Phalombe kuli miyala ya rare earth, banja la maelementi limene muli yttrium ndi anzake aja. Nkhani zimene timamva ndi za matani ndi madola basi. Mwana wa ku Balaka amene amaliona phiri la Kangankunde tsiku lililonse popita kusukulu, ndani akumuuza zimene zili m'kati mwake ndi zimene anthu amapanga nazo? Mgodi wa Ytterby unasiya kukumbidwa mu 1933, koma dzina la mudziwu likadali m'buku lililonse la kemisitiri chifukwa panali anthu amene anaupima mwalawo. Zimandipweteka kuti ife tingadzatsale ndi maenje okha.

Mvula itakata, agogo anandikulungira mabanzi awiri m'pepala, anavala jekete, n'kundiperekeza mpaka poimira basi, galu ali patsogolo. Ndalama anakana. Mukapita, tengani jekete ya mvula ndi pawabanki, ndipo nthawi ya basi yobwerera muilembe papepala.