Loweruka ku Saint-Denis, ndi mkangano wanga ndi alamu pa za Mfumu Chilperic

Lero kunacha ndi mvula yowaza, ndipo alamu anga, amene akhala mu mzinda wa Paris kwa zaka zambiri, anaganiza zoti m'malo moyendayenda m'misika tipite ku tchalitchi chachikulu cha Saint-Denis, kumpoto kwa mzindawu, kumene kuli manda a mafumu a dziko la France. Tinakwera sitima ya pansi pa nthaka ya nambala 13, yomwe inali yodzaza moti tinaima njira yonse, n'kukatsikira pa siteshoni ya Basilique de Saint-Denis. Ambiri mwa anthu amene tinalowa nawo anathamangira kukaona ziboliboli za Louis XVI ndi Marie-Antoinette, koma ine mtima wanga unali pa mafumu akale kwambiri a Afulanki, mtundu umene unkalamulira dzikoli kalelo, zidzukulu za mfumu Clovis, makamaka Chilperic woyamba, amene analamulira chigawo cha Soissons kuyambira 561 mpaka 584. Iye mwini sanaikidwe m'tchalitchimu, komabe mayi ake, mwana wake wakhanda ndi mdzukulu wake Dagobert anagonekedwa momwemu, ndipo mwala wa pamanda a mkazi wake Fredegund anausamutsira momwemunso.

Mwalawo ndi umene tinayambira. Ndi wophwatalala, ndipo chithunzi cha mfumukaziyo anachipanga ndi timiyala tamitundumitundu tolukanalukana ndi timawaya tamkuwa, chisoti kumutu, ndodo yachifumu m'manja. Pamene panayenera kukhala nkhope, manja ndi mapazi pali mwala wosalala wopanda kanthu. Anausema zaka zoposa 500 mwini wake atamwalira kale mu 597, choncho palibe chimene ungatiuze za maonekedwe ake enieni. Alamu anga anauyang'ana kwa kanthawi, kenaka anati: "Alamu, mayi uyu ndi mnzake Brunhild ndiwo anapasula banja lonseli. Pakanapanda akazi awiriwa, abale aja akanakhala mwamtendere."

Brunhild anali mkazi wa Sigebert, mmodzi mwa abale ake a Chilperic amene ankamenyana naye. Mawu a alamu angawa ndi amene amanenedwa kawirikawiri, ndipo ine sindigwirizana nawo. Tinakhala pa benchi, ndipo ndinawapempha kuti tiwerenge zaka mwandondomeko, tione ngati nkhondo inayambadi ndi akaziwo.

Clovis atamwalira mu 511, ufumu wake unagawidwa kwa ana ake aamuna anayi, popeza Afulanki ankaona dziko ngati chuma cha bambo chimene mwana wamwamuna aliyense ayenera kulandirako. Mmodzi wa anawo, Chlodomer, atafera ku nkhondo mu 524, abale ake Childebert ndi Chlothar anatumizira mayi awo Clotilde lumo ndi lupanga kuti asankhe ngati ana amasiyewo ametedwe tsitsi, kutanthauza kuchotsedwa pa mzere wa ufumu, kapena aphedwe, ndipo Chlothar anabaya awiri mwa anawo ndi dzanja lake. Chlothar yemweyo anatsala yekha pa mpando mu 558, ndipo mu 560 anatentha mwana wake woukira Chramn m'kanyumba pamodzi ndi mkazi wake ndi ana ake aakazi. Awa ndiwo anali bambo ake a Chilperic, ndipo pa nthawi yonseyi Fredegund ndi Brunhild anali asanalowe m'banjali.

Chlothar atatsikira kulichete mu 561 anasiya ana aamuna anayi. Charibert, Guntram ndi Sigebert anali a mayi mmodzi, Ingund, pamene Chilperic anali wa Aregund, mchemwali wake wa Ingund yemweyo. Nkhani ya ukwatiwo imaseketsa ndi kukwiyitsa nthawi imodzi: Ingund anapempha mwamuna wake kuti amupezere mchemwali wakeyo mwamuna wabwino, ndipo mfumu itakamuona inabwerera n'kunena kuti sinapeze wina woposa iyo yomwe. Aliyense amene anaonapo mmene chuma cha masiye chimagawidwira pa banja la mitala akudziwa malo amene mwana wa kunyumba yaing'ono amaima. Chilperic sanadikire kuti agawiridwe. Maliro a bambo ake atangotha anathamangira ku Berny, analanda chuma cha mfumu, anapereka mphatso kwa akuluakulu ndi kulowa mu Paris, koma abale ake atatu anagwirizana n'kumutulutsamo. Pogawana, Charibert anatenga Paris, Guntram anatenga Orléans ndi Burgundy, Sigebert anatenga Reims, ndipo Chilperic anapatsidwa Soissons, chigawo chochepa kuposa zonse. Sipanapite nthawi, Sigebert ali kutali kolimbana ndi mtundu wa Avar, Chilperic anamulanda Reims, ndipo Sigebert pobwerera anabwezera polanda Soissons ndi kugwira Theudebert, mwana wamkulu wa Chilperic, amene anam'masula patatha chaka atalumbira kuti sadzamenyananso naye. Apanso Brunhild anali akali kwawo ku Spain.

Tinatsikira m'chipinda cha pansi, momwe muli mdima ndi kachisanu, ndipo mabokosi amiyala a nthawi imeneyo akuonekera pamene anawafukula. M'limodzi mwa manda a pansi pa tchalitchichi, mu 1959, akatswiri ofukula zakale anapeza mafupa a mayi wovala zovala za silika ndi zokongoletsera za golide, ali ndi mphete yolembedwa dzina lakuti Arnegundis, ndipo ambiri amakhulupirira kuti ameneyu ndi Aregund, mayi ake a Chilperic. Zimene anaikidwa nazo zikusonyeza kuti anafa ali wolemekezeka, osati wotayidwa.

Tili momwemo alamu anga anabwereranso pa mfundo yawo, ndipo apa anali ndi pogwira. Cha m'ma 566 Sigebert anakwatira Brunhild, mwana wa Athanagild, mfumu ya Avisigoti, ndipo Chilperic posafuna kuchepa anafunsira mkulu wake wa Brunhild, Galswintha, n'kulonjeza kusiya akazi ena onse amene anali nawo. M'mawa mwa ukwati anapatsa mkwatibwiyo mizinda isanu, Bordeaux, Limoges, Cahors, Béarn ndi Bigorre. Posakhalitsa Galswintha anadandaula kuti akunyozedwa chifukwa cha Fredegund ndipo anapempha kubwerera kwawo, ngakhale atasiya chuma chonse chimene anabwera nacho, koma anapezeka atanyongedwa pabedi, ndipo patangopita masiku ochepa Chilperic anakwatira Fredegund. "Mwaona, alamu?" anatero alamu anga. Ndinawakumbutsa kuti amene analemba nkhaniyi akunena kuti wolamula wantchito kunyonga mayiyo anali Chilperic mwini, ndiponso kuti mlandu umene unatsatira unali wa mizinda isanu ija, imene inagamulidwa kuti ipite kwa Brunhild ndipo inali ikukambidwabe mu pangano la ku Andelot mu 587, pafupifupi zaka 20 pambuyo pake. Charibert atamwalira mu 567, Tours ndi Poitiers zinapita kwa Sigebert, ndipo Chilperic ankatumiza ana ake mobwerezabwereza kuti akazilande. Theudebert anaphwanya lumbiro lake lija pomvera bambo ake, ndipo anafera ku nkhondo mu 575.

Chimene sindinathe kukana ndi cha ku Vitry. M'chaka chomwecho cha 575 Sigebert anapanikiza Chilperic mu mzinda wa Tournai, ndipo Afulanki amene anasiya Chilperic anamunyamula Sigebert pa chishango ku Vitry kumulonga ufumu wawo. Pomwepo anyamata awiri otumidwa ndi Fredegund anamuyandikira ngati ali ndi nkhani, n'kumubaya mbali zonse ziwiri ndi mipeni yopakidwa poizoni. Munthu amene m'mawa analibe pothawira anatuluka mu Tournai ali wopambana. Mwana wa Sigebert wa zaka zisanu, Childebert wachiwiri, anamuzembetsa kuchoka ku Paris, ndipo Chilperic anatumiza Brunhild ku Rouen.

Titakwera pamwamba tinaima pa chipilala cha Dagobert, pomwe anasema mzimu wake uli m'bwato ziwanda zikuuzunza oyera asanaupulumutse, kenaka tinatuluka kukadya buledi ndi tchizi pafupi ndi msika. Mvula inali itakata.

Masana tinapita ku tchalitchi cha Saint-Germain-des-Prés, pakati pa Paris, chimene anachiyambitsa Childebert woyamba ndipo poyamba chinkatchedwa cha Vincent Woyera. Chimene chilipo lero ndi chomangidwa pambuyo pake, koma malo ndi omwewo, ndipo ndi pamene Chilperic anaikidwa. Bishopu Germain, amene tchalitchichi chinatenga dzina lake, ndiye anachenjeza Sigebert asananyamuke kuti akapita ndi mtima wokapha mbale wake sadzabwerera wamoyo. Ndili mkatimo ndinaganizira kwambiri za ana a Chilperic, chifukwa ndiwo analipira ngongole yonseyi. Merovech, mwana wa mkazi woyamba Audovera, anapita ku Rouen mu 576 n'kukwatira Brunhild, mkazi wamasiye wa mbale wa bambo ake, mwina poona kuti ana a Fredegund adzamulanda malo. Bambo ake anamumeta tsitsi ndi kumutumiza kwa amonke, iye anathawa, ndipo mu 577 atazingidwa anapempha wantchito wake kuti amubaye. Mu 580 mliri wa kamwazi unapha ana awiri a Fredegund, Chlodobert ndi wakhanda uja wa ku Saint-Denis, ndipo anawo akudwala mayiyo anaponya pamoto akaundula a msonkho wa mizinda yake, akunena kuti misozi ya amphawi ndiyo ikupha ana ake, n'kukakamiza mwamuna wake kuchita chimodzimodzi. Kulapako sikunakhalitse. Clovis wina, mwana wotsala wa Audovera, ananamiziridwa kuti analodza anawo, bambo ake anamupereka m'manja mwa Fredegund, ndipo anabayidwa ku Noisy, mtembo wake n'kutayidwa mu mtsinje wa Marne. Msodzi wina anaupeza mu mono wake, ndipo anauzindikira chifukwa cha tsitsi lalitali limene ankasunga a banja lachifumu okha. Patapita zaka Guntram anaufukula pamene msodziyo anaukwirira n'kudzauika m'tchalitchi chino pamodzi ndi wa Merovech. Pa imfa zimenezi dzanja la Fredegund likuoneka, koma bambo amene anapereka mwana wake womangidwa anali ndi mphamvu zonse zokanira.

Alamu anga anafunsa kumene zonsezi timazidziwira, ndipo funso limeneli ndi lofunika kuposa mkangano wathu. Pafupifupi zonse zimachokera kwa Gregory, bishopu wa ku Tours kuyambira 573 mpaka 594, amene anakhala bishopu mu ulamuliro wa Sigebert ndi Brunhild, mzinda wake n'kulandidwa ndi Chilperic, ndipo mu 580 anazengedwa mlandu ku Berny pomuganizira kuti anafalitsa mphekesera yoti Fredegund amagona ndi bishopu wa ku Bordeaux. Iye ndiye anatcha Chilperic Nero ndi Herode wa nthawi yake. Komabe ngakhale pomunyoza amatisonyeza mfumu yosiyana ndi abale ake. Chilperic ankalemba ndakatulo m'Chilatini, analamula kuti zilembo zinayi zatsopano ziwonjezedwe pa alifabeti ndipo ana aphunzitsidwe, anamanga mabwalo a masewera ku Soissons ndi ku Paris, ndipo analemba maganizo ake pa za Utatu Woyera amene mabishopu anawakana. Ankadandaula poyera kuti chuma cha mfumu chathera ku matchalitchi, ndipo n'zosadabwitsa kuti bishopu sanamukonde. Lamulo lake lina, limene linasungidwa padera, linalola mwana wamkazi kulandira munda wa bambo ake ngati palibe mwana wamwamuna. Msonkho wake unali wolemera moti mu 579 anthu a ku Limoges anaukira ndi kutentha akaundula, ndipo anakakamiza Ayuda kubatizidwa, choncho sindikumuyeretsa. Chimene chinaseketsa alamu anga ndi cha Pasaka wa mu 583: abale aja analumbirirana kuti palibe adzalowe mu Paris popanda chilolezo cha anzake, ndipo Chilperic analowa akuyenda pambuyo pa zotsalira za oyera mtima kuti temberero la lumbirolo lisamugwire.

Mu 584 anatumiza mwana wake wamkazi Rigunth ku ukwati ku Spain ndi ngolo 50 zodzaza chuma, iye n'kupita ku Chelles kukasaka nyama. Tsiku lina madzulo, akutsika pa hatchi, munthu wina anamubaya kukhwapa ndi pamimba n'kuthawa, ndipo sanagwidwe. Onse anabalalika, kusiya mtembo, kufikira bishopu wa ku Senlis, amene anali atadikira masiku atatu kuti aonane ndi mfumu, anausambitsa ndi kuubweretsa pa bwato kuno ku Paris. Chuma cha Rigunth chinalandidwa ku Toulouse, ndipo ukwati unathera pomwepo. Mwa ana aamuna onse anatsala mmodzi, Chlothar wachiwiri, wa miyezi inayi, amene Guntram anamukayikira mpaka mabishopu atatu ndi akuluakulu 300 analumbira kuti analidi wa Chilperic.

Madzulo, tikudya kunyumba, alamu anga anali asanasinthe maganizo, ndipo anawonjezera za bishopu Praetextatus wa ku Rouen, amene anabayidwa m'tchalitchi mu 586 Chilperic atafa kale, imfa imene Gregory amailoza kwa Fredegund. Ndinavomera kuti pamenepo panalibe mwamuna womunamizira. Ine ndinawauza za chaka cha 613, pamene khanda lija, litakula, linagwira Brunhild ali nkhalamba, linamuzunza masiku atatu, linamuyendetsa pa ngamila pamaso pa asilikali, kenaka linamumangirira ku hatchi yolusa, n'kutsala lokha pa mpando wa Afulanki onse. Pa mlanduwo Chlothar anamuimba Brunhild imfa za mafumu khumi, ndipo pa mndandandawo anaikapo Sigebert, amene anaphedwa ndi anyamata a Fredegund, ndi Merovech, amene anafa akuthawa Chilperic.