Pa mlatho wa Zambezi mawondo anandikana

Lachiwiri, ku Livingstone.

M'mawa tinapita pa mlatho wolumikiza Zambia ndi Zimbabwe, kumunsi pang'ono kwa mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls). Ulendowu anakonza ndi alamu anga, amene chiyambire dzulo sakukamba china koma bungee, kudumpha kuja munthu atamangidwa chingwe m'miyendo. Ine ndinkangoyankha kuti tikaonera komweko.

Kuchokera pamlatho kukafika pamadzi ndi mamita 128. Papepala nambala imeneyi siopsa ayi. Koma nditafika pakati n'kusuzumira pansi, pomwe madzi ankawinduka pakati pa matanthwe akuda, mawondo analobodoka, m'manja munadzaza thukuta, mlatho wonse n'kumaoneka ngati ukupendekeka. Kenako lole inadutsa, pansi pa mapazi panga n'kunjenjemera. Ndinakakamira chitsulo cha m'mbali ndi manja onse awiri.

“Alamu, mlatho womangidwa mu 1905 ukagwe lero chifukwa mwapondapo inu?” Anatero akuseka mpaka misozi. Sananame. Zitsulo zake zinasulidwa ku England, zinabwera pa sitima yapamadzi mpaka ku Beira, kenako pa njanji, ndipo mpaka pano zikunyamulabe sitima ndi malole. Mtsamunda wa ku Britain Cecil Rhodes ndiye ankafuna kuti njanji idutse pafupi ndi mathithi, nthunzi ya madzi izinyowetsa mabogi, ngakhale mwiniwakeyo anamwalira mu 1902 ntchito isanayambe. Zonsezi mutu wanga umazidziwa, koma miyendo sinkamva za mbiri.

Amene anandithandiza ndi bambo wina wogulitsa ziboliboli. “Bambo, khalani kaye pansi. Muziyang'ana chitsulo ichi, madziwo asiyeni.” Ndinachita momwemo, ndipo posapita nthawi chizungulire chinatha. Malangizo akewo ali ndi maziko. Kuti munthu aime bwinobwino, maso, mkati mwa khutu ndi mapazi zimayenera kugwirizana. Maso amadalira zinthu zapafupi zosasuntha kuti adziwe ngati thupi layamba kutsamira mbali ina. Pamalo okwera chonchi, chomwe ukuyang'ana chili kutali kwambiri, maso amasowa pogwira, thupi limayamba kugwedezeka pang'onopang'ono, ubongo n'kuyesa kuti ukugwa. Ukakhala pansi kapena kuyang'ana chinthu chomwe ungachikhudze, zonse zimabwerera m'malo. N'chifukwa chakenso m'ndege, pamtunda wa mamita 10,000, ndimagona tulo tabwino: mpando, khoma ndi zenera zili pomwepo. Amene amati mantha amenewa ndi ulesi wa mtima sanawamvepo m'mafupa mwawo.

Alamu anadumphadi, mamita 111 mutu uli pansi. Kukuwa kwawo kunamveka mpaka tsidya la Zimbabwe. Ndinaonera nditakhala pansi pomwe paja, ndipo ndinasunga pakamwa nkhani ya mtsikana wa ku Australia amene chingwe chinamudukira pamlatho womwewu pa 31 Disembala 2011. Anagwera mumtsinje, anasambira miyendo ili chimangire, n'kupulumuka. Ndinawauza atabwerako. Anangoti zii kwa kanthawi, kenako anafunsa ngati ndawajambula bwino.

Chomwe chikundizunguza mutu usiku uno ndi malonda a mantha. Ku America anatsegula Grand Canyon Skywalk mu 2007, kanjira kagalasi kotulukira kunja kwa phompho mamita 21. Ku Zhangjiajie, ku China, mlatho wagalasi wotalika mamita 430, wolendewera pafupifupi mamita 300 m'mwamba, unatsegulidwa mu 2016, ndipo patangotha masiku 13 anayamba autseka kaye chifukwa anthu anachuluka zedi. Anthu amaima pamzere ndi kulipira ndalama kuti amve zomwe ine ndimamva kwaulere ndikangokwera makwerero. Sindikuwanena. Iwo amadziwa kuti galasi ndi lolimba, choncho mantha amawakomera, amatha akangotsika. Anga samvera umboni wa mainjiniya, ndipo anthu okoka mnzawo padzanja n'kumati “ingoyang'anani kamodzi kokha” amangowonjezera vuto.

Masana tinazungulira njira zoonera mathithi. Madzi ndi ochepa nyengo ino, moti matanthwe ambiri ali pamtunda. Alamu akuti mawa tipite ku Devil's Pool, dziwe lomwe anthu amasambira pamlomo penipeni pa mathithi, wina atawagwira miyendo kuti asuzumire kuphompho. Ndawauza kuti zikwama ndi mafoni zimafunanso mlonda.