Msewu wa 83, kutsetsereka m'malire a mvula

Msuweni wanga atapeza ntchito ku Abilene, m'chigawo cha Texas, galimoto yake inali ku Minot, North Dakota, kumtunda kwenikweni kufupi ndi Canada. Anandiimbira usiku wina nati, "Achimwene, mundiperekeze. Ndekha ndigona pa chiwongolero." Ndinavomera ndisanaone mapu. Nditawaona ndinapeza kuti kuchokera pomwe iye ankakhala mpaka komwe ankapita ndi msewu umodzi basi, US Route 83, wotsika ngati chingwe chomwe wina wachigwetsa kuchokera padenga.

Msewuwu umayambira pamalire a Canada, pafupi ndi katawuni kotchedwa Westhope, n'kukathera ku Brownsville pamalire a Mexico. Ndi makilomita opitirira 3,000, ndipo umadutsa zigawo zisanu ndi chimodzi: North Dakota, South Dakota, Nebraska, Kansas, Oklahoma ndi Texas. Pamene America inayamba kupereka manambala ku misewu yake ikuluikulu mu 1926, inagwirizana kuti yochoka kumpoto kupita kumwera izitenga manambala osagawika pawiri monga 81 ndi 83, ndipo yochoka kum'mawa kupita kumadzulo izitenga ogawika pawiri monga 50 ndi 66. Patapita zaka 30, mu 1956, boma la Eisenhower linayamba kumanga misewu ya Interstate, ija yotakata yosadutsa pakati pa matawuni. Misewu yambiri yakale inamezedwa. Wa 83 sunakhudzidwe kwambiri, chifukwa komwe umadutsa mizinda yoti n'kuthamangirako ndi yochepa. Mbali yake yaikulu ikadali ngati M1 wathu, galimoto imodzi uku, ina uko, kungoti maenje palibe, a kabaza palibe, ndi mbuzi yodumpha msewu simuiona.

Tinanyamuka kumapeto kwa Ogasiti, mpendadzuwa ukadali m'minda, maekala osatha ndi maso. Titayenda pang'ono kumwera kwa Minot msewu unaloŵa pakati pa madzi, uku nyanja ya Sakakawea, uku ya Audubon. Msuweni anafuna kujambula. Koma nyanjayo si ya Mulungu. Inabwera ndi damu la Garrison lomwe linatseka mtsinje wa Missouri m'zaka za m'ma 1950, ndipo pansi pa madziwo pali minda ndi midzi ya anthu a mitundu ya Mandan, Hidatsa ndi Arikara, eni nthaka amene analipo azungu asanabwere. Anawasamutsira kumtunda kouma. Ku Pierre, likulu la South Dakota, nkhani ndi yomweyo: damu la Oahe, lomwe John F. Kennedy anatsegulira mu 1962, linamiza dimba la anthu a mtundu wa Lakota. Amene anamvapo za Atonga a m'chigwa cha Zambezi ndi damu la Kariba sangafune kuti wina amufotokozere zambiri.

Pierre ndi likulu lodabwitsa. Ndinkayembekezera chimzinda, koma Zomba amakula. Tinagona komweko, m'mawa n'kuwoloka Missouri.

Apa ndi pomwe ndinayamba kuumvetsa msewuwu. Umayenda pafupifupi motsatira mzere wa pamapu wa madigiri 100 kumadzulo, ndipo mzerewo uli ndi mbiri. Mu 1878 katswiri wofufuza malo, John Wesley Powell, anachenjeza boma kuti kumadzulo kwa mzere umenewu mvula ndi yochepa, kotero kulima kodalira kumwamba kokha n'kosatheka. Pamenepa pamagwa mvula ya mamilimita pafupifupi 500 pachaka. Ngakhale ku Nsanje, komwe timakudandaula chaka ndi chaka, imagwa yoposa apo. Koma Powell uja sanamumvere. Lamulo la 1862 linkapereka maekala 160 kwa aliyense wolonjeza kukhalapo ndi kulima zaka zisanu, ndipo anthu anakhamukirako. Nyumba zawo zina zikadalipo m'mbali mwa msewu, mabwinja a matabwa opendekeka, mphepo ikuloŵa pakhomo n'kutulukira pazenera.

Titadutsa Murdo ndi White River tinaloŵa m'dera la Rosebud, kwawo kwa a Sicangu Lakota. Ku Mission tinaima kugula madzi. Mayi wina wachikulire anatifunsa kwathu, ndipo titati Malawi anafunsa ngati kuli mahatchi. Tinati kuli ng'ombe ndi njinga. Anaseka, nafenso tinaseka, tinapitiriza.

Chigawo chomwe chinanditenga mtima ndi Nebraska, kuyambira ku Valentine kutsika. Amakutcha Sandhills. Ndi zitunda za mchenga, ngati za m'chipululu, koma zofunda udzu, kukwera ndi kutsika kwa maola awiri osaona mudzi weniweni kupatula Thedford ndi Stapleton. Zimatenga pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a Nebraska yense. Khasu silinagwire ntchito kumeneku. Boma litaona kuti maekala 160 sangadyetse banja pamchenga, mu 1904 linakweza kufika 640, komabe ambiri anagonja n'kugulitsa kwa oŵeta ng'ombe. Lero kuli ng'ombe zambiri kuposa anthu. Paliponse pali timijigo toyendera mphepo, tikupopa madzi n'kumathira m'zitsime zachitsulo, ng'ombe zakuda zitazungulira ngati zili pa maliro. Ndipo m'zigwa, pakati pa mchenga womwewo, muli tinyanja ndi madambo odzaza mbalame. Madziwo sachokera kumwamba okha. Mchenga umamwa mvula iliyonse n'kuisunga pansi, ndipo pena pake imatulukira yokha.

Kumeneko ndi komwe kanyali ka mafuta kanayaka. Msuweni anali atakana kuthira ku Valentine ati tikapeza otsika mtengo kutsogolo. Foni inalibe netiweki. Tinazimitsa choziziritsira, mawindo n'kutsitsa, aliyense ali chete ngati tabera. "Achimwene, musandiyang'ane choncho," anatero, ine ndisanalankhule kanthu. Tinaloŵa mu Thedford galimoto ikuyendera chisomo.

North Platte ndi tawuni ya njanji. Bwalo la Bailey Yard la kampani ya Union Pacific ndi lalikulu kwambiri padziko lonse mwa malo osankhirapo mabogi a sitima, ndipo pali nsanja yokwera kuti muone. Tinakwera, tinaona, tinatsika. Chomwe chinandikhudza ndi china: pa nkhondo yachiŵiri ya padziko lonse, kuyambira 1941 mpaka 1946, amayi a m'tawuniyi ndi midzi yozungulira ankachingamira sitima iliyonse ya asilikali ndi chakudya chaulere, ndipo anadyetsa anthu pafupifupi 6 miliyoni. Ndinakumbuka amayi a mvano.

Kuyambira ku McCook kuloŵa mu Kansas, dziko ndi lathyathyathya ngati lichero. Tawuni iliyonse, kaya Oberlin, Oakley kapena Scott City, mumaiona muli kutali chifukwa cha nkhokwe zake za simenti, zoyera, zazitali kuposa tchalitchi. Ndipo chimanga! Chobiriŵira, chofanana msinkhu, m'dziko lomwe Powell anati mvula sikwana. Chinsinsi chake ndi chimpope chachitali cha matayala chomwe chimazungulira munda ngati muvi wa wotchi, chikuwaza madzi. Mlimi wina dzina lake Frank Zybach ndiye anachitulukira, nachilembetsa mu 1952. Madziwo amawakoka pansi, m'nkhokwe ya madzi yotchedwa Ogallala yomwe yayala pansi pa zigawo zisanu ndi zitatu. Ku Sandhills imadzazikanso. Kumadzulo kwa Kansas amatunga mofulumira kuposa momwe mvula ingabwezere, ndipo zitsime zina zaphwa kale.

Ine mwana wa mlimi ndinaima m'mbali mwa munda wina, mtima ukuŵerenga matumba. Msuweni anandidula: "Chimenecho si cha nsima." Ankanena zoona. Ndi chachikasu, ndipo chochuluka chimapita ku ng'ombe ndi kokapanga mafuta a ethanol. Ng'ombezo tinazimva tisanazione. Kufupi ndi Garden City kuli makola onenepetsera ng'ombe masauzande, zopanda udzu, zikungodya zitaima pa ndowe zawo. Eni ake fungolo amati ndi fungo la ndalama. Mafakitale a nyama akokera kumeneko anthu a ku Mexico, Vietnam, Somalia ndi Myanmar, moti m'sitolo ina yaing'ono tinapeza ufa woyera, woyamba kuuona chichokereni ku Minot. Tinagula mapaketi awiri.

Potuluka m'tawuniyo pali mlatho wa mtsinje wa Arkansas. Ndinasuzumira. Mchenga wokhawokha, ndi mikwasa ya matayala a njinga zamoto. Mtsinje wochokera kumapiri a Colorado, wokhala ndi dzina pamapu onse, unali ngati khwaŵa la kwathu mu Okutobala. Sindikuti alimiwo ndi oipa; aliyense ali ndi ngongole yake kubanki. Koma ndinaleka kusirira chimanga chija.

Kupitirira Liberal, msewu umadula kamchira ka Oklahoma, kosakwana ola limodzi. Kuno ndi komwe m'zaka za m'ma 1930 chilala chinapeza udzu wonse utatipulidwa kuti adzale tirigu, mphepo n'kunyamula nthaka. Pa 14 Epulo 1935 fumbi linadetsa dzuŵa masana, anthu osaona ndi dzanja lawo lomwe. Tsiku lomwe ife tinadutsa kunali mphepo yokankha galimoto, ndipo msuweni anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri mpaka Perryton.

Texas ndinamuonera m'tulo. Ndikukumbuka tawuni ya Canadian ndi mitengo yake, Shamrock pomwe 83 amadumpha Route 66 wakale, kenako dothi lofiira ndi thonje cha ku Childress. Tinafika ku Abilene tsiku lachinayi dzuŵa likuloŵa, msewu ukupitirirabe wokha kumka ku Laredo ndi Brownsville. Katundu sitinatsitse yense. Tinangofukula poto ndi mthiko, n'kutsegula paketi imodzi ya ufa wa ku Garden City uja.