Ulendo wa ku Rochefort, kwawo kwa sitima ya Hermione

Ife Amalawi angapo okhala ku France tinapita ku Rochefort, tauni ya m'mbali mwa mtsinje wa Charente, kukaona kumene anapangira sitima yankhondo ya matanga yotchedwa Hermione. Lipotili ndalembera inu amene ntchito inakutsekerezani.

Ndiyambe ndi funso lomwe lachuluka pa WhatsApp loti kodi tinakwera sitimayo: ayi, sitinakwere. Hermione yeniyeniyo, imene inamalizidwa mu 1779 ili ndi mizinga 32, inagunda miyala n'kumira pafupi ndi Le Croisic mu 1793. Ina imene anayamba kuipanga moifanizira mu 1997, n'kuwoloka nayo nyanja mpaka ku America mu 2015, tinapeza ili kutali ku Anglet, tauni ya kum'mwera kwa France, akuikonza, poti mu 2021 anaona kuti matabwa ake ena ayamba kuwola. Ana anakhumudwa, koma pang'ono.

Hermione yoyambayo inatchuka chifukwa cha ulendo wa mu 1780, pamene inanyamula Lafayette, msilikali wa ku France wa zaka 22, kupita naye ku Boston ndi uthenga wa kwa George Washington, mtsogoleri wa asilikali a ku America, wakuti mfumu ya France, Louis XVI, ikutumiza asilikali okathandiza kulimbana ndi Angelezi. Choseketsa n'chakuti amisiri a masiku ano amene anapanga yofanizira ija anadalira Angelezi omwewo. Angeleziwo atalanda Concorde, sitima yopangidwa mofanana ndi Hermione, anaiyeza n'kujambula zonse, ndipo mapepalawo ndi amene anathandiza.

Koma ine chinandigwira mtima ndi nyumba yopotera zingwe, Corderie Royale, imene anayamba kuimanga mu 1666, m'masiku a Louis XIV ndi nduna yake Colbert. Kutalika kwake ndi mamita 374! Anaitalikitsa choncho chifukwa ulusi umafupika ukamapotedwa, ndiye chingwe cha mamita pafupifupi 200 chinkafuna malo oposa pamenepo. Pansi pake ndi dambo lamatope, motero anayamba ayala mitengo ya oak, nyumbayo n'kukhala pamwamba. Ulusi wake unali wa mbewu ya mtundu wa chamba (apa amayi ena anagwira pakamwa), ndipo ankaupaka phula kuti usawole ndi madzi. Anationetsa kapotedwe kake: tingwe titatu tikuzungulira pamodzi, kamtengo kokhala ndi mizere kakutsetsereka pakati kuti tisapiringizane. Aliyense amene anapotapo chingwe cha khonje pantchafu anamvetsa nthawi yomweyo.

Sitima ikatha, ntchito inali isanathe. Charente ndi wokhotakhota komanso wosazama kwenikweni, choncho zikuluzikulu zinkatsika zopanda mizinga, anthu akuzikoka ndi zingwe m'mbali mwa mtsinje, mizingayo n'kukaikweza kufupi ndi chilumba cha Aix. Kuyambira mu 1766 akaidi ndiwo ankapatsidwa ntchito zolemetsa ngati zimenezi. Ndikuona kuti mbali imeneyi siikambidwa mokwanira poyerekeza ndi dzina la Lafayette.

Msungichuma adzawerenga za ndalama za ulendowu pamsonkhano ukubwerawu. Amene muli ndi zithunzi tumizani kwa mlembi.