Mbiri ya moyo wanga, gawo la 9: Ng'oma zopanda fatura

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo lapitali, makamaka mlongo wathu wa ku Domue amene anandikumbutsa kuti madzi a mtsinje wa Revúbuè analowa ku Chingodzi, mumzinda wa Tete, kumayambiriro kwa Marichi 2019, namondwe Idai asanagwe n'komwe ku Beira. Munanena zoona, mlongo, ndipo ndakonza. Achimwene a ku Johannesburg, funso lanu lakuti ndalama zokonzera zimene madzi anawononga zinapita kuti ndaliona, ndipo gawo lino ndilo yankho lanu, ngakhale kuti munalifunsa ndi mawu amene ine sindikanauza nawo munthu wa imvi.

Tinalekezera pamene a Chefe, bwana wathu mu ofesi ya boma, anandiitana n'kundiuza kuti ndine ndidzayang'anire ntchito yokonzanso malo atatu aja amene madzi anawononga: laibulale ya m'dera, holo imene magulu a magule amayesereramo, ndi kachipinda kosungiramo zinthu zakale. Sanandisankhe chifukwa cha nzeru ayi. Mu ofesi monse ndinali ndekha wodziwa kulemba Chipwitikizi cha m'malipoti komanso wotha kukhala pansi ndi akuluakulu a gule popanda kuwalakwira.

Kumapeto kwa Meyi 2019 kunachitika msonkhano ku Beira, kumene maiko ndi mabungwe analonjeza madola 1.2 biliyoni, pamene boma linkati kukonza zonse kufuna madola 3.2 biliyoni. Anthu atamva zimenezi pa wailesi anayamba kundipatsa moni wa mtundu wina, ngati kuti ndalamazo zagona m'kabati yanga. Zambiri zinayenera kupita ku Sofala kumene mphepo inasasula mzinda wonse wa Beira, ndipo pa ichi sindidandaula. Ife tinalonjezedwa kagawo kochepa kochokera m'thumba la boma. Chaka cha 2020 chinapita ndi mliri wa korona, ndipo chilolezo choyamba ntchito chinatipeza mu 2021.

Apa ndifotokoze bwino, chifukwa ambiri amene amanditukwana sadziwa m'mene ndalama za boma zimayendera. Woyang'anira ntchito sagwira ngakhale metikali imodzi ndi manja ake. Iye amalemba chimene chikufunika, ndipo a UGEA, gulu loona zogula m'ofesi iliyonse ya boma, ndiwo amaitanitsa mitengo kwa ogulitsa angapo n'kusankha mmodzi. Mgwirizano ukakhala waukulu umakaonedwa kaye ndi Tribunal Administrativo, khoti loona za kayendetsedwe ka boma ndi ndalama zake. Ntchito ikatha, malipiro amachoka mu e-SISTAFE, dongosolo la pakompyuta loyendetsera ndalama za boma, kulunjika ku akaunti ya wogulitsa ku banki, ndipo kuti izi zitheke wogulitsayo ayenera kukhala ndi NUIT, nambala yake ya msonkho, ndi fatura yovomerezeka, pepala losonyeza zimene wagulitsa ndi mtengo wake. Ndalama zimene sizinagwire ntchito pofika pa 31 Disembala zimabwerera kumene zinachokera. Dongosolo limeneli ndimalilemekeza kufikira lero, popeza ndinaona ndi maso anga akuba angapo amene linawatsekera khomo.

Makoma ndi madenga sizinavute kwenikweni. Simenti ili ndi fatura, malata ali ndi fatura, ndipo empreiteiro, womanga amene anapambana, ngakhale anachedwa miyezi iwiri n'kupaka utoto pakhoma lonyowa, anabwereza ntchitoyo nditakana kusaina. Mabuku ndiwo tinataya ambiri. Buku likamwa madzi a matope limatupa ngati chigumu, ndipo ukaliika padzuwa la ku Tete limapindika n'kuuma gwa, masamba atamatirirana osatsegukanso. Tinaphunzira mochedwa kuti limafuna mthunzi ndi mphepo, wina n'kumalekanitsa masamba ndi mpeni wosathwa chuku chisanagwire. Amayi awiri osesa aja, amene munawakonda m'gawo la 6, ndiwo anapulumutsa ochepa amene alipo lero.

Vuto loyamba lenileni linali kaundula wa zowonongeka. Fomu inkafuna dzina la chinthu chilichonse, chithunzi chake, ndi mtengo wake. Koma m'holo muja munali zina zimene magulu a Gule Wamkulu anasungitsa, ndipo aliyense wobadwira ku Angónia ngati ine amadziwa kuti za kudambwe sizijambulidwa zili pansi, ndipo sizitchulidwa mtengo pamaso pa munthu wosameta. Gule ameneyu UNESCO inamuvomereza mu 2005 kukhala chuma cha anthu onse, m'dzina la Malawi, Mozambique ndi Zambia, koma kuvomereza kumeneko sikunachotse mwambo. Ndinakhala ndi akuluakulu madzulo atatu pansi pa mtengo wa masau, ndipo tinagwirizana kuti iwo adzakonza zawo kumalo kwawo, ine osalemba kanthu. Ena amati ndinatayitsa magulu ndalama. Ndikanapatsidwanso fomu ija lero, ndikanaisiyanso yopanda kanthu pamzere umenewo.

Ng'oma zokha ndizo akuluakulu analola kuti zilembedwe. Zinawonongeka zisanu ndi ziwiri, zikopa zitawola, mitengo itang'ambika, ndipo pakati pake panali mbalule imene oimba ankati inali ndi mawu osafanana ndi ina iliyonse. Onse anatchula munthu mmodzi woti angaseme zina, agogo aja a kufupi ndi Zóbuè amene ndinawatchula m'gawo la 4, amene ankaimba ng'oma pamaliro a bambo anga.

Ndinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, kupita kwawo mu Seputembala. Ndinawapeza atakhala pachikopa kuseri kwa nkhokwe, kasemasema ali pambali. Nditafotokoza, anafunsa funso limodzi lokha.

"Mdzukulu, ndalamazo udzabweretsa ndiwe?"

"Zidzachokera ku boma, agogo, koma ine ndidzaonetsetsa kuti mwalandira."

"Boma sindilidziwa nkhope yake. Ndikudziwa mwana wa malemu. Ukati zidzabwera, ndiyamba mawa."

Ndinavomera, ndipo kuvomera kumeneko ndiko kulakwa kwanga kwakukulu pa ntchito yonseyi. Ndinalola munthu kuyamba ntchito mapepala asanakonzeke, ine wodziwa bwino lomwe malamulo onse ndawafotokoza pamwambapa. Ndinkaganiza kuti NUIT ndi nkhani ya tsiku limodzi. Sindinadziwe kuti agogowo analibe chitupa cha unzika, popeza mapepala awo anapsa pa nthawi ya nkhondo, iwo n'kuthawira ku Mwanza m'dziko la Malawi, ndipo atabwerera nkhondo itatha mu 1992 sanaone chifukwa chofunira ena. Popanda chitupa panalibe NUIT, ndipo popanda zonsezi banki sikanatsegula akaunti.

Ng'oma zinafika mu Novembala pagalimoto yonyamula makala. Agogo anabwera nazo okha, nakana kuti mnyamata aliyense aziyese iwo asanaziwambe pamoto. Anasonkha kamoto ka udzu pabwalo la holo, nayandikiza mbalule kumoto akuisisita ndi chikhatho, kenaka anamata phula pakati pa chikopa, naigunda kamodzi ndi chala, akupendeketsa mutu ngati munthu womvetsera mwana akupuma. Ataiimba, amayi ogulitsa nsomba kutsidya kwa msewu anasiya malonda awo n'kubwera akululutira. Madzulo ndinawaperekeza pokwerera chapa, ndinawalipirira ulendo ndi ndalama za m'thumba mwanga, ndipo sanafunse za malipiro. Anangoti, "Wamva m'mene ikulirira, mdzukulu?"

Tsopano ndifike kwa inu, mnzanga wakale wa mu ofesi, chifukwa ndikudziwa kuti mumawerenga ngakhale simulemba kanthu. Ndinu munabwera pa tebulo langa mu Disembala n'kunena kuti muli ndi mlamu wanu wa sitolo ya zitsulo amene angalembe fatura yakuti wagulitsa ng'oma zisanu ndi ziwiri, iye n'kutapa kagawo kake, inu kanu, zotsala n'kupita kwa agogo. Ndinakana. Ndipo ndinu munayamba kuuza anthu mu Januwale kuti ndalama za ng'oma ndadya ndine. Mukudziwa bwino kuti zinabwerera pa 31 Disembala osakhudzidwa, chifukwa kalata yake munaidinda ndinu.

Sindinena kuti kukana kwanga kunali kwa munthu woyera mtima. Ndinkaopa ndende, ndinkaopa kutaya ntchito ana ali pasukulu, ndiponso ndinkakhulupirira kuti chitupa chituluka mu Febuluwale ndipo ndipempha ndalamazo mu bajeti yatsopano. Mayi a kunyumba anandifunsa usiku wina ngati fatura yabodza yodyetsa nkhalamba ili tchimo lalikulu kuposa lonjezo losakwaniritsidwa. Sindinawayankhe, ndipo iwo sanabwerezenso.

Pa 24 Januwale 2022 namondwe Ana anagwa pa dziko lathu. Revúbuè anasefukiranso, mlatho wopita ku Moatize unaduka, ndipo madzi omwewo anatenga mkulu wa boma la Tete, a José Maria Mandere, ali pa ulendo wokaona zowonongeka. Ofesi yonse inatembenukira ku tsoka latsopano. Holo yathu inalowanso madzi, koma ng'oma zinapulumuka chifukwa agogo anatiuza kuti tizizipachika kudenga. Masabata amenewo sindinaganize za Zóbuè ngakhale kamodzi, ndipo ndikulemba zimenezi ndi manyazi.

Uthenga unandipeza mochedwa, kudzera mwa mnyamata woimba mpanje. Agogo anadwala chifuwa nyumba yawo itagwa ndi mvula, ndipo anamwalira pakati pa Febuluwale. Maliro anali ataikidwa kale. Ndinatseka chitseko cha ofesi, ndinatulutsa fayilo yawo, ndipo ndinakhala ndikuyang'ana kachithunzi kamene tinawajambulitsa kaamba ka chitupa, atavala jekete langa chifukwa iwo analibe, kolala itapindika mbali imodzi. Wojambula anawauza kuti asamwetulire, koma pakamwa pawo pankaonekabe kuti akudziletsa kuseka. Ndinakhala choncho mpaka mlonda anagogoda kufunsa ngati ndigona momwemo.

Mu Epulo ndinagulitsa ng'ombe imodzi mwa ziwiri zimene bambo anandisiyira ku Ulongue, ndipo ndinapita kukapepesa maliro. Agogo aakazi anandiyalira mphasa pakhonde. Nditapereka ndalama kudzera mwa mwana wawo wamkulu monga mwa mwambo, iwo anaziwerenga kawiri, nazimanga pansonga ya chitenje, kenaka anapukuta chala chachikulu n'kuchitambasulira kwa ine.

"Bambo, pepala la boma lili kuti, kuti ndidinde?"

Ndinawauza kuti pepalalo ndaliiwala ku Tete.