Pulinta ya ofesi ikakana, kalata yaima pati?

Pa zonse zomwe ndikuphunzira pa atachimenti ya zamakompyuta kuno ku Mzuzu, palibe chandizunguza mutu ngati pulinta imodzi yomwe ofesi yonse imagwiritsa ntchito. M'kalasi nkhani ya mapulinta tinangoidutsa mothamanga, koma kuntchito ndi imene anthu amakuitanira kuposa china chilichonse. Ndipo amabwera atagamula kale mlandu: "Achimwene, driver yavutanso, tangoiikaninso."

Abwana amene amandiyang'anira anayamba ntchitoyi nthawi ya Windows XP, ndipo salola kuti ndikhudze driver ndisanawayankhe funso limodzi: kalatayo yaima pati? Funsoli ndi limene landitsegula maso. Munthu akadina Print, driver, yomwe ndi pulogalamu ya pakompyuta yoyendetsa pulinta, imasandutsa kalata yake kukhala chilankhulo chomwe pulinta imamva, monga PCL kapena PostScript. Kalatayo imakaima pamzere mu Print Spooler, mbali ya Windows yosunga makalata odikira kusindikizidwa, imadutsa pa netiweki kupita ku kompyuta yomwe inagawa pulintayo kwa makompyuta ena, kenako n'kufika pa pulinta. Paliponse pamenepa ikhoza kukakamira, ndipo driver ndi chigawo chimodzi chabe cha ulendowo.

Vuto lomwe ndakumana nalo kwambiri ndi la adiresi. Magetsi akazima n'kuyakanso, rauta imatha kupatsa pulinta IP address ina, nambala yomwe ndi adiresi yake pa netiweki, pamene makompyuta akadali ndi yakale. Zili ngati kugogoda pakhomo ku Chibavi mwini wake atasamukira ku Luwinga. Windows imangolemba Offline, chonsecho pulinta ili poyaka, mapepala alimo, tona alimo. Ndiye ndimayamba ndatulutsa pepala losonyeza makonzedwe a pulintayo, kudzera pa mabatani ake omwe. Nambala yomwe ili papepalapo ndimaiyerekeza ndi yomwe ili pa Ports mu Printer properties, kenako ndimayesa ping, lamulo loona ngati adiresiyo ikuyankha. Zikasiyana, mlandu wathera pomwepo. Mankhwala ake okhalitsa n'kuuza rauta kuti isunge adiresi imodzi ya pulintayo, n'kulumikiza kudzera pa Standard TCP/IP Port, yomwe imagwiritsa ntchito port 9100.

Nthawi zina kalata imodzi imakakamira pamzere n'kutsekereza zonse za kumbuyo kwake. Apa palibe zambiri: kutsegula services.msc, mndandanda wa ntchito zomwe Windows imayendetsa kumbuyo, kuimitsa Print Spooler, kufufuta zomwe zili mu C:\Windows\System32\spool\PRINTERS, n'kuiyatsanso.

Zonsezi zikakhala bwino, m'pamene timafika pa driver yeniyeni, ndipo apa pali mbiri yomwe ndinayenera kukhala pansi n'kuiwerenga. Kale kompyuta ikalumikizidwa ku pulinta yogawidwa, inkadzitengera yokha driver kuchokera ku kompyuta yogawayo. Mu 2021 kunapezeka mpata woopsa mu Print Spooler, womwe unatchedwa PrintNightmare, woti akathyali akanatha kuloweramo n'kulanda kompyuta yonse. Kuyambira mu Ogasiti chaka chomwecho, Microsoft inasintha zinthu kuti woika driver mwa njira imeneyi akhale ndi ulamuliro wa administrator, woyang'anira kompyutayo. Patapita nthawi pang'ono anthu ambiri anayamba kuona uthenga wa vuto wa 0x0000011b akafuna kulumikiza pulinta, makamaka pamene kompyuta ina yalandira ma update pamene inzake sinalandire. Pa intaneti padzaza malangizo oti ungosintha kanambala mu registry, mosungira makonzedwe a mkati a Windows, chitetezocho chizime. Pulinta imayambadi kugwira ntchito, koma ine njira imeneyi sindigwirizana nayo. Pamakompyuta amenewa pali mafayilo a malipiro ndi makalata a anthu, ndipo sindikuona chifukwa chowasiyira poyera pamene njira yabwino ilipo: kulowa ngati administrator, kuika driver yofanana ndendende pa makompyuta onse, n'kuonetsetsa kuti onse alandira ma update.

Kuchotsa pulinta pamndandanda sikuchotsa driver yake, ichi ambiri sachidziwa. Imatsalira mkati, ndipo ukalumikizanso Windows imatenga yomweyo yowonongekayo. Uyenera kulemba lamulo la printui /s /t2 mu bokosi la Run, kusankha driver ija, n'kuichotsa pamodzi ndi package yake. Kuli kompyuta ina yakale ya 32-bit pakona pa ofesi yathu, imeneyonso inkakana mpaka tinaiwonjezera driver yake pa Additional Drivers, pa kompyuta yogawayo. Driver yolakwika imadziwika msanga: pulinta imayamba kulavula mapepala, lililonse lili ndi mzere umodzi wa tizizindikiro tosawerengeka pamwamba. Mtengo wa rimu ya mapepala masiku ano, umachita kuthamangira batani la Cancel.

Chomwe chinandikhudza kwambiri ndi cha mayi wina wa ku akaunti. Kalata iliyonse akatumiza, pulinta inkaima n'kumaphethira kanyali, mpaka iwo anyamuke kukadina batani. Anali atazolowera, ankangoti, "Mwanawe, imeneyi ndi khalidwe lake." Chonsecho driver inali pa Letter, pepala la ku America, pamene m'thireyi muli A4 yomwe timagwiritsa ntchito kuno. Ndinasintha pa kompyuta yogawayo, pa Printing Defaults, chifukwa ukasintha pa Printing Preferences zimangokhudza munthu mmodzi. Mayiwo mawondo amawavuta, ndipo pulinta ili kumapeto kwa khonde.

Palinso china chomwe sichikhudza kompyuta n'komwe. Chinyezi cha kuno ku Mzuzu, makamaka m'nyengo ya mawawa ndi chisanu, chimalowa m'mapepala akagona panja pa paketi, ndiye amamatirirana n'kukodwa mkati. Timawasunga mu kabati, m'paketi yotseka.

Panopa abwana andilola kuchotsa kompyuta yapakati ija yogawa pulinta, popeza mwini wake akapita ku fildi amaizimitsa, ofesi yonse n'kuima. Pulinta yathu ili ndi polowetsa kebulo ya netiweki, choncho kompyuta iliyonse ndikuilumikiza mwachindunji pa adiresi yake. Ndayambira ku akaunti, Lolemba ndikulowa ku resepishoni.